Foni ikaonetsa "200 OK" sindiko kuti fataleza wapezeka

Wolemba: Katekisiti wa ku Rufunsa

Pa Sondo lina mvula isanayambe, mapemphero atangotha, amai ena a mumphakati wathu anandiimitsa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chalichi. Ndi amai amasiye, amalima cimanga ndi nshawa, ndipo akulera adzukulu atatu. Anamasula foni pa nsonga ya citenje n'kundipatsa.

"A Katekisiti, tandionerani apa. Mdzukulu wanga akuti zonse zinayenda bwino, koma a zaulimi akuti dzina langa kulibe."

Pa foniyo panali cithunzi cimene mdzukuluyo anajambula tsiku lolembetsa. Linali tsamba loyera, pamwamba palembedwa kuti 200 OK, pansi pake mau ocepa a Cingelezi othokoza. Amaiwo anakhulupirira kuti 200 ndiyo nambala yao pa mndandanda wa olandira fataleza. Mnansi wao anawatsutsa, nati ndi K200 imene adzabwezeredwa. Onse awiri anaphonya.

Nkhani inayamba ndi uthenga umene unazungulira pa WhatsApp, wonena kuti alimi amene anatsalira angathe kulembetsa okha pa foni. Uthengawo unali ndi linki. Mdzukuluyo anaitsegula, nalemba dzina la ambuya ake, nambala ya reji ndi mudzi. Tsambalo linawauza kutumiza K400 ku nambala ina ya foni, kenaka kulemba nambala ya lisiti m'kabokosi. Atatero, panatuluka 200 OK. Ndalamayo inali ya mbuzi imene anagulitsa. Nambala ya foni ija lero siipezekanso.

Ine ndinalibe yankho tsiku limenelo. Ku seminale yaing'ono tinaphunzira Cilatini ndi masamu, za makompyuta kunalibe. Koma safunsa anadya phula. Ndinatumira foni mwana wa mlongo wanga amene amagwira nchito ya makompyuta ku Lusaka. Anati, "Amalume, tengani buku ndi colembera, nkhaniyi si yovuta." Zimene ndinalemba m'bukumo ndizo ndifuna kugawana nanu, abale ndi alongo, cifukwa masiku ano kulandira fataleza, kuona zotsatira za mayeso a ana ndi kulipira ku koleji, zonse zalowa m'foni.

Odi ndi odini

Mukafika pakhomo pa munthu mumati "Odi!" Mwini nyumba akakhalapo amati "Odini, fikani." Nthawi zina mwana ndiye amatuluka n'kukuuzani kuti akulu anapita kumunda. Nthawi zinanso kumangoti zii. Intaneti imayenda cimodzimodzi: wina amapempha, wina amayankha.

Tsamba lililonse limene mumatsegula pa foni limasungidwa m'kompyuta ina yake imene siizima usana ndi usiku. Kompyuta yotereyi dzina lake ndi seva. Ingakhale ku Lusaka, ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja. Mukakhudza linki, foni yanu imatumiza pempho lakuti, ndipatseni tsamba lakutilakuti. Pempholo limafika pa mlongoti wa netiweki umene uli pafupi nanu, n'kupitirira mpaka kumene kuli seva. Ngati sevayo ili kutsidya kwa nyanja, pempho limadutsa m'maiko oyandikana nafe kukalowa m'nthambo za pansi pa nyanja, poti dziko lathu lilibe gombe la nyanja yaikulu. Netiweki ikakhala bwino, ulendo wonsewu, kupita ndi kubwera, umatha musanaphethire kawiri.

Cinthu coyamba m'yankho la seva si nkhani kapena cithunzi cimene mwapempha. Coyamba ndi nambala, ya pakati pa 100 ndi 599, youza foni yanu mmene pempho lathera. Nambalayo ikakhala 200, seva ikuti: ndamva, ndamvetsa, nazi zimene mwafuna. Ndiye "odini" wa makina ameneyo.

Nthawi zambiri nambalayi simuiona, cifukwa foni imaiwerenga yokha n'kungokuonetsani tsamba. Tsamba limodzi lokhala ndi zithunzi 20 limafuna mapempho oposa 20, popeza cithunzi ciliconse cimapemphedwa pacokha, ndipo pempho lililonse limabwera ndi nambala yake. Conco munthu amene wawerenga nkhani pa foni m'mawa walandira kale ma 200 ambirimbiri osadziwa. Nambalayi imaonekera poyera ngati wokonza tsamba waisiya pamenepo, kaya mwa ulesi kaya mwadala.

Kumene manambalawa anacokera

Malamulo a kakambidwe ka foni ndi seva dzina lake ndi HTTP. Ndi zilembo zomwe zija mumaona kumayambiriro kwa adiresi ya tsamba. Anayambitsa ndi Tim Berners-Lee, Mngelezi amene anali kugwira nchito pa CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland. Analemba maganizo ake mu 1989, ndipo mu 1991 anawatsegulira anthu onse. HTTP yoyambayo inalibe manambala. Seva inali kungotumiza zolembedwa, ndipo kompyuta yopempha inalibe njira yodziwira ngati yalandira tsamba lenileni kapena mau a kukana.

Manambala anaonjezedwa patsogolo pake, ndipo analembedwa m'cikalata ca RFC 1945 ca mu May 1996. Bungwe la IETF, limene limakonza malamulo a intaneti, lakhala likulembanso malamulowa, mu 1997, mu 1999, mu 2014, ndi mu June 2022 m'cikalata ca RFC 9110. M'zaka zonsezi tanthauzo la 200 silinasinthe. Mau akuti OK anaikidwa kuti athandize anthu, makina amawerenga nambala cabe. Mu HTTP/2, imene inatuluka mu 2015, mauwo anacotsedwa n'kutsala nambala yokha.

Kuno ku Zambia intaneti inafika mu 1994 kudzera ku ZAMNET, kampani imene inabadwira pa University of Zambia. Ndiye kuti tinalowa manambalawa akungoyamba kukhazikika. Lero 200 imene amalandira munthu wa ku London ndi yomweyo imene imafika pa foni ya mlimi wa kwa Shikabeta, kwa Mpanshya kapena kwa Bunda Bunda. Siikamba za kwaca, siikamba za matumba, siikamba za malo anu pamzere.

Mabanja asanu

Manambalawa ali m'mabanja asanu, ndipo nambala ya kumayambiriro ndiyo imaonetsa banja. Kuti ndiwamvetse ndinawayerekeza ndi nchito imene ndimaidziwa: munthu wafika pa ofesi ya parishi kudzafuna kalata ya ubatizo cifukwa akukonzekera cikwati.

Banja la ma 100 ndi la kuyembekeza. Zili ngati ndamuuza kuti, "Ndikumva, pitirizani kukamba." Nkhani ikali pakati.

Banja la ma 200 ndi la kutheka. Pa 200 ndatsegula buku n'kumupatsa kalata. Pa 201 ndalemba cinthu catsopano m'buku, monga dzina la mwana wobatizidwa lero. Pa 202 ndalandira pempho koma nchito ikalibe kutha: "Siyani pepala lanu, Bambo Mfumu adzaliona akabwera." Onani kuti 202 siilonjeza kuti Bambo Mfumu adzasaina.

Banja la ma 300 ndi la kulozera kwina. Pa 301 ndamuuza kuti mabuku a zaka zimenezo anasamutsidwira ku parishi ina, apite kumeneko. Foni ikalandira 301 imapita yokha ku adiresi yatsopano inu osadziwa. Pa 304 ndamuuza kuti kalata imene ali nayo kale sinasinthe, agwiritse nchito yomweyo. Nambala imeneyi ndi bwenzi la mlimi, cifukwa foni siikokanso zimene inasunga kale, ndipo data imapulumuka.

Banja la ma 400 limanena kuti vuto lili ku mbali ya wopempha. Yodziwika kwambiri ndi 404: cimene mwafuna palibe pano, mwina mwalakwitsa adiresi kapena tsambalo linacotsedwa. Pa 401 ndikuti, "Yambani mwandionetsa kuti ndinu ndani." Pa 403 ndikuti, "Ndamva cimene mufuna, koma buku ili simuloledwa kulitsegula."

Banja la ma 500 limanena kuti vuto lili ku ofesi. Pa 500 makiyi athyokera m'kabati. Pa 503 anthu aculuka kapena ofesi yatsekedwa kwa kanthawi, mubwerenso nthawi ina. Zotere zimacitika pamene anthu ambiri athamangira tsamba limodzi nthawi imodzi, monga tsiku lotuluka zotsatira za mayeso. Mukaona 500 kapena 503 foni yanu ilibe mlandu. Musapatse munthu ndalama kuti aikonze. Dikirani, muyesenso madzulo kapena m'mamawa.

Palinso nthawi imene sipabwera nambala iliyonse. Ife a m'mapiri a Rufunsa tikuidziwa bwino, ife amene timakwera pa culu kapena kuyenda mpaka ku Great East Road kufuna netiweki. Pamenepo seva sinakane kanthu. Kalata yanu sinacoke n'komwe pakhomo.

Zimene 200 siikamba

Apa ndi pamene pagona nkhani ya amai aja. Nambala 200 ndi mau a makina kwa makina anzake. Pali zinthu zinai zimene siingakuuzeni.

Coyamba, siikamba kuti mwini seva ndi ndani. Munthu aliyense angabwereke seva ndi ndalama zocepa, n'kukopera mbendera ndi nkhwazi ya pa cidindo ca boma, n'kukonza tsamba looneka ngati la unduna. Seva ya mbala imayankha 200 mwaulemu ngati seva ya boma, cifukwa nayonso yalandira pempho n'kuliyankha. Mbalayo ingathenso kungolemba mau akuti 200 OK pa tsamba monga mmene munthu amalembera pa cipupa, kuti ziziwoneka za ukatswiri. Akulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amati tsamba likakhala ndi kaloko pamwamba, kapena adiresi ikayamba ndi https, ndiye kuti ndi loona. Iyai. Kalokoko kamatanthauza kuti zimene mukulemba sizingawerengedwe ndi munthu wina panjira. Envelopu yomata bwino ingathe kupita kwa wakuba ili comatira. Mu 2023 kampani ya Google inacotsa cizindikiro ca loko pa Chrome cifukwa anthu ambiri anali kucimva molakwa motero.

Caciwiri, siikamba kuti zimene zalembedwa ndi zolondola. Reji yathu ili ndi manambala 9. Mukalakwitsa imodzi, seva ingathe kusunga colakwaco n'kuyankha 200, cifukwa nchito imene inapatsidwa ndi kusunga. M'mabuku a ubatizo ndakumanapo ndi maina amene analembedwa molakwa zaka 40 zapitazo. Mlembi wokopera mosafunsa amakopera colakwa comweco mokhulupirika, n'kudinda cidindo. Makina ndi mlembi wotero. Ndiye cifukwa cake mlimi angalembetse bwinobwino pa malo oona, koma tsiku lotenga katundu dzina la m'kompyuta n'kusiyana ndi la pa reji.

Cacitatu, siikamba kuti mwapatsidwa cimene mufuna. Seva yoona ingayankhe 200 n'kukupatsani tsamba lonena kuti dzina lanu silinapezeke, kapena kuti ndalama zanu sizikwana. Kwa makina nchito yatheka, popeza funso layankhidwa. Kwa inu palibe catheka. Kulandira fomu ndi cinthu cina, kuvomereza fomu ndi cinanso. Tengani citsanzo ca FISP. Pulogalamuyi inayamba mu 2002 ndi dzina lakuti Fertilizer Support Programme. Njira ya e-voucher inayesedwa koyamba m'nyengo ya 2015/2016 m'maboma 13, ndipo mu 2017 kunabwera ZIAMIS, kaundula wa alimi wa pa kompyuta. Koma ngakhale maina analowa m'kompyuta, khomo lolowera linakhalabe la anthu: kopaletivu kapena gulu la alimi, komiti ya zaulimi ya m'kampu, ndi mlangizi wa m'kampu. Tsamba limene likukuuzani kulumpha anthu onsewa n'kutumiza ndalama ku nambala ya munthu, likukunamizani, ngakhale litaonetsa 200 kakhumi.

Cacinai ndi cosiyana ndi zinazi, koma cimadyetsanso ndalama. Nambala 200 ingasowe panjira yobwerera. Mwakhudza pakuti lipira, pempho lafika, seva yacotsa ndalama n'kutumiza yankho, koma netiweki yadukira pamenepo. Pa foni yanu kacizindikiro kakungozungulira. Inu mukuti sizinatheke, mukhudzanso kaciwiri, ndipo ndalama zingacoke kawiri. Zili ngati mwatuma mwana kukapereka ngongole, mvula yamutsekera pobwera, inu n'kutumanso wina ndi ndalama zina. Kuno kwathu kumene netiweki imabwera ndi kupita ngati mphepo, vuto limeneli ndi la tsiku ndi tsiku.

Nanga ticite bwanji?

Sindikuti tiope foni. Foni yatipulumutsa ku maulendo ambiri a ku Chongwe ndi ku Lusaka amene anali kutidyera ndalama za basi ndi masiku a kumunda. Ndikuti tidziwe malire a mau ake. Nazi mfundo zimene tinagwirizana mumphakati wathu.

Yang'anani adiresi musanayang'ane zithunzi. Adiresi ya Unduna wa za Ulimi, monga ya maunduna ena, imatha ndi gov.zm. Werengani kucokera kumanzere mpaka pa kamzere kopendama koyamba kotsatira dzina, muone mau otsiriza. Mbala zimakonda kuika mau akuti gov kapena zambia kumayambiriro, koma kumapeto kuli dzina lina lacilendo. Ngati maso sakuona bwino, itanani mwana wa sukulu awerenge cilembo ndi cilembo mokweza.

Linki yobwera pa WhatsApp kapena pa Facebook, ngakhale yatumizidwa ndi m'bale wanu, si cidziwitso ca boma. M'bale wanuyo nayenso anangolandira. Funsani wapampando wa kopaletivu kapena mlangizi musanalembe kanthu.

PIN ya ndalama za pa foni, ndi kanambala kamene kamabwera pa SMS potsimikiza, musalembe pa tsamba la linki ndipo musauze munthu aliyense, ngakhale wonena kuti ali ku ofesi.

Musanakhudze potumiza, yerekezani nambala ya reji imene mwalemba ndi reji yeniyeni ili m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mutatumiza, werengani mau onse a pa tsamba, osati nambala yokha kapena mtundu wobiriwira. Umboni weniweni wa malipiro ndi SMS yocokera ku kampani ya foni kapena ku banki, yokhala ndi nambala ya lisiti ndi dzina la wolandira. Onani dzinalo. Ngati mukulipira ku bungwe koma patuluka dzina la munthu, imani pomwepo. SMS imeneyo musaifafanize, ndipo nambala ya lisiti ilembeninso m'buku, cifukwa foni imagwa m'madzi.

Netiweki ikaduka pakati pa kulipira, musabwereze msanga. Yambani mwaona ndalama zotsala. Ngati zacepa, malipiro anapita.

Ngati mwaberedwa kale, musabise cifukwa ca manyazi. Uzani kampani ya foni yanu tsiku lomwelo, kauzeni apolisi, ndipo dziwani kuti bungwe la ZICTA ndilo limayang'anira makampani a mafoni ndi intaneti m'dziko muno. Ndalama mwina sizingabwere, koma nambala ya mbala ikadziwika mnansi wanu angapulumuke.

Mau kwa acinyamata

Ana athu, inu ndinu maso a makolo pa mafoni awa. Mdzukulu wa amai aja sanacite dala. Anaona mau a Cingelezi ndi nambala yooneka ya ukatswiri, nati, "Ambuya, zatheka." Anacita manyazi kwambiri, ndipo kwa masabata awiri sanaonekere ku kwaya. Ndinamuitana n'kumufotokozera za mabanja asanu aja, ndipo anagwira msanga kuposa ine. Kudziwa kutsegula tsamba ndi luso locepa. Luso lalikulu ndi kufunsa kuti tsambali ndi la ndani, ndipo yankho lake likutsimikiza ciani. Mukathandiza nkhalamba, musaope kunena kuti, "Ambuya, apa sindikumvetsa, tiyeni tikafunse." Kucedwa tsiku limodzi sikuposa kutaya mbuzi.

Amai aja ndalama yao sinabwere. A mumphakati anasonkha pang'ono, wina anawagawira mbeu, ndipo analima munda wa kumbuyo kwa nyumba ndi manyowa a m'khola. Tsopano analowa m'kopaletivu ya m'mudzi mwao, ndipo dzina lao analilemba pamaso pao, reji ili pa tebulo. Cithunzi ca 200 OK anakana kucifafaniza. Akuti amacionetsa amai anzao ku cigayo.

Ine pa Sondo lililonse mapemphero akatha ndimakhala pansi pa mtengo wa mango uja, ndipo mnyamata uja tsopano amakhala nane. Amene walandira linki yokayikitsa abwere nayo tione limodzi. Koma conde, bwerani musanatumize ndalama.